Nkhuku ziwiri chifukwa cha Eugénie

Mpira wa amayi wa ku France ndinayamba kuutsata chifukwa cha Tabitha Chawinga. Atamwetsa zigoli 19 mu ligi ali ku PSG, n'kusamukira ku Lyon mu 2024, nanenso ndinanyamula katundu n'kumulondola. Koma nditafika kumeneko diso linagwera pa munthu wina, mayi wamfupiko wovala nambala 9, Eugénie Le Sommer. Ndinafufuza masewero ake akale pa YouTube mpaka ndalama ya ndiwo inayamba kuthera ku bandulo.

Ndiye mu 2025 zinthu zinamugwera motsatana. Anatsanzikana ndi Lyon, timu yomwe anaisewerera kuyambira 2010. Mphunzitsi wa France, Laurent Bonadei, anamusiya pa mndandanda wa opita ku Euro, mpikisano wa mayiko a ku Ulaya. Kenako tinangomva kuti walowera ku Toluca, ku Mexico. Usiku umenewo mtima unandipweteka, ndipo ndinalemba pa sitetasi ya WhatsApp kuti anzanga a mpira aone: "Eugénie wapita. Zaka 15 si masewera. Mexico ndi kutali koma sindidzakuiwala." Ndinaikaponso tinkhope tolira, n'kugona tulo tabwinobwino.

M'mawa kubafa kunalibe madzi otentha. Tiyi anabwera wopanda shuga, ndipo kapu inaikidwa patebulo mwamphamvu moti theka linatayikira. Nditafunsa ngati kwagwanji, mayi a kunyumba anangoti, "Palibe." Amene muli pabanja mukumudziwa palibe ameneyu.

Madzulo pobwera kuntchito ndinapeza pakhonde padzaza. Panali malume anga, malume awo a mayi, ndi azakhali awo omwe si ankhoswe koma milandu yotere saphonya. Iwo anali atamanga kale chitenje m'chiuno.

"Mwana wathu akuti muli ndi chibwenzi," anayamba malume awo. "Chibwenzi cha zaka 15. Ukwati uno sunakwanitse n'komwe zaka zimenezo, ndiye kuti mwana wathu munamutenga muli naye kale winayo. Eugénie ndani?"

Ndinaseka. Kuseka kumeneko kunangothira mafuta pamoto.

"Akuseka! Mukuona?" anatero azakhali. "Ine ndikumudziwa. Ndi uja wa mandasi pa siteji, dzina lake limamveka choncho. N'chifukwa chake amawapatsa mandasi pangongole."

Apa thukuta linayamba, chifukwa ngongole ya mandasiyo inalipodi, ndipo kunyumba sinkadziwika. Ndinapempha kuti andilole ndifotokoze. Ndinati Eugénie ndi wosewera mpira wa ku France, anabadwira ku Grasse mu 1989, anayamba kutchuka ku Stade Briochin asanapite ku Lyon, kumene wamwetsa zigoli zoposa 300 ndi kunyamula chikho cha Champions League kasanu ndi katatu. Ndinati dziko lake walisewerera masewero 200, zigoli 94, ndipo palibe Mfalansa wina, wamwamuna kapena wamkazi, amene wafikapo pamenepo. Mbiri ya Marinette Pichon ya zigoli 81 anaigwetsa mu 2020.

Ndinkaganiza kuti manambalawo andipulumutsa. Mayi a kunyumba anangopukusa mutu n'kunena motsitsa, "Mpaka kwawo akukudziwa."

Foni inali itazima, magetsi atathima kuyambira masana, ndiye chithunzi chosonyeza panalibe. Ndinapitiriza ndi pakamwa. Ndinafotokoza kuti mphunzitsi wina wa timu ya France, Corinne Diacre, anamutaya kwa pafupifupi zaka ziwiri, mpaka mu 2023 pomwe Hervé Renard anatenga timuyo n'kumubweza, ndipo pa World Cup ya ku Australia anamwetsa Brazil ndi mutu, Morocco n'kuipatsa ziwiri.

Malume anga, omwe anakhalitsa ku Kitwe ndipo nthawi yonseyi ankaodzera, anadzidzimuka.

"Wati Renard? Wa malaya oyera uja?"

"Yemweyo, malume."

"Wa Chipolopolo? Aaa! Ngati Renard anamufuna mtsikanayo, ndiye kuti mpira amautha!"

Mlandu wanga unaima kaye pamenepo. Malume anaimirira n'kuyamba kusewera pakhonde pathu fainolo ya 2012 ya chikho cha Africa, yomwe Zambia inapambana Renard ali mphunzitsi wake: Libreville, Ivory Coast, Drogba kuponya penate kumwamba, mapenate kukathera 8-7, Stoppila Sunzu kumenya yomaliza. Posonyeza mmene Sunzu anamenyera, nsapato yawo inavuka n'kukagwera m'ndowa ya madzi. Malume awo a mayi, omwe nawonso anaonera masewerowo, anayamba kutsutsa za amene anaphonya kumbali ya Ivory Coast. Ankhoswe awiri anaiwala chomwe anabwerera, ine n'kumapumira m'mwamba mwakachetechete.

Magetsi atayaka ndinatchaja foni n'kuwaonetsa chigoli cha Brazil chija. Azakhali anachionera kawiri, nkhope ili gwa, kenako anati, "Koma kudumpha amadumpha." Za mandasi anati tidzakambirana tsiku lina.

Ndinayesa kuti zatha. Malume awo a mayi anakhosomola n'kudula mlandu: chibwenzi palibe, koma mawu okoma ngati amenewo mwana wawo sanalemberedwepo chilowereni m'banja, pomwe mzungu amene sadziwa n'komwe kuti ndilipo walemberedwa pagulu. Ndipereke nkhuku yopepesera. Malume anga, m'malo mondiikira kumbuyo, anangofunsa ngati nkhukuyo idyedwa lero lomwe.

Ndinavomera. Anthu anayamba kufunafuna nsapato zawo, azakhali n'kumasula chitenje. Pamenepo mayi a kunyumba, omwe anali chete nthawi yaitali, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Ndili ndi funso limodzi lokha. Abambo, zigoli za mayiyo mwaziwerenga bwino. Nanga ine ndinabadwa liti?"

M'mutu munali deti limodzi lokha lomwe linali pafupi, ndipo linatuluka ndisanaligwire.

"Pa 18 May."

Iwo anatenga foni yanga, n'kulemba dzina la Eugénie pa Google, n'kuipereka kwa malume awo osalankhula kanthu. Malumewo anavala magalasi, anawerenga pang'onopang'ono, n'kuyang'ana malume anga.

"Achimwene, nkhuku zija zikhale ziwiri."