Ntchito zatsopano kapena zongosamuka? Zimene ndaphunzira pa Enterprise Zones za ku Britain

Mu kosi yathu ya zachuma ndi chitukuko tafika pa mutu wa njira zimene maboma amakopera nazo makampani kuti akatsegule mabizinesi kumadera kumene kuli ulova wambiri. Aphunzitsi anatigawira dziko limodzilimodzi. Wina anatenga Shenzhen ku China, wina Coega ku South Africa, ine anandipatsa Britain. Nkhani ya Shenzhen imakoma pofotokoza, koma ya Britain ili ndi ubwino wake: eni ake anabwerera kukawerenga. Patapita zaka, boma lomwelo linalemba akatswiri kuti akaone ngati ntchito zimene nduna zinkatchula zinalikodi, ndiponso kumene zinachokera.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mafakitale akale a ku Britain anali kufa. Ku Corby, tauni imene inkadalira zitsulo, ng'anjo zinazima mu 1980, anthu masauzande n'kuchotsedwa ntchito nthawi imodzi, moti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali lova. Ku Clydebank ku Scotland, fakitale ya Singer, ya makina osokera aja timawaona pamakhonde a matelala, inatsekedwa chaka chomwecho. Madoko a kum'mawa kwa London anatha ntchito chifukwa katundu anayamba kuyenda m'makontena, ndipo sitima zikuluzikulu zinkakocheza ku madoko a Tilbury ndi Felixstowe osakweranso mtsinje wa Thames mpaka mu London. Pofika Januwale 1982 malova m'dziko lonse anali atapitirira 3 miliyoni.

Ganizo la malo apadera linachokera kwa Peter Hall, katswiri wa kamangidwe ka mizinda. Mu 1977 iye anati madera amene afa kotheratu angowamasula ku malamulo ndi misonkho yambiri kuti ayende ngati Hong Kong, kuphatikizapo kulola anthu akunja odziwa bizinesi kubwera momasuka. Geoffrey Howe wa chipani cha Conservative analitola ganizolo n'kukalilengeza mu 1978 ku Isle of Dogs, pakati pa madoko akufawo. Margaret Thatcher atapambana chisankho mu 1979, Howe anakhala nduna ya zachuma, ndipo mu bajeti ya 1980 anakhazikitsa madera amene anawatcha Enterprise Zones. Za anthu akunja zija anazisiya. Madera 11 oyamba anatsegulidwa mu 1981 ndi 1982, ndipo pofika 1996 onse pamodzi anali 38.

Zokopa zake zinali zosavuta kumva. Kwa zaka 10 kampani ya m'deralo sinkalipira msonkho wa malo ndi nyumba za bizinesi, wofanana ndi ma city rates a kwathu, ndipo boma lalikulu ndi limene linkabwezera khonsolo ndalama zotayikazo. Womanga fakitale, ofesi kapena sitolo ankachotsa mtengo wonse womangira pa phindu lake asanawerenge msonkho. Chilolezo chomangira chinkapezeka popanda kuzungulira m'maofesi. Muone bwino apa: palibe chokopa ngakhale chimodzi chimene chinkadalira chiwerengero cha anthu olembedwa ntchito. Mphotho inali pa kumanga nyumba. Womanga chinyumba chachikulu chosungiramo katundu, cholemba alonda awiri ndi woyendetsa makina mmodzi, ankapindula kuposa wa kafakitale kakang'ono ka anthu 50.

Mu 1987 kafukufuku amene boma linatuma anapeza kuti m'madera onsewo munali ntchito 63,300. Chiwerengero chonyaditsa pa msonkhano wa atolankhani. Koma ofufuzawo atasefa, zimene anati ndi zatsopanodi zinali pafupifupi 13,000 zokha. Zotsalazo zinachokera kuti? Zina zinali za makampani amene anali kale pamalopo mzere wa malire a deralo usanajambulidwe pamapu. Anangodzuka m'mawa n'kupeza kuti misonkho awakhululukira. Zina zinali za makampani amene anasamuka kuchokera pafupi, kawirikawiri mumzinda womwewo. Zina zinali za amene akanatsegulabe ngakhale popanda chokopa chilichonse. Palinso mtundu wovuta kuuona, pamene kampani ya mkati ikukula chifukwa ikugulitsa motchipa, kwinaku inzake ya kunja kwa mzere, imene ikulipira msonkho wonse, ikuchotsa anthu. Zili ngati mayi watapa ufa mu dengu ili n'kuthira mu dengu ilo, kenako n'kumauza ana kuti ufa wachuluka.

Dera limene landitsegula maso kwambiri ndi Dudley, kufupi ndi Birmingham. Fakitale ya zitsulo ya Round Oak inatsekedwa mu Disembala 1982, ndipo malo oyandikana nayo anali mkati mwa Enterprise Zone. Anthu ankayembekezera mafakitale ena. Chimene chinamera ndi Merry Hill, chimsika chachikulu cha masitolo chimene amapasa Don ndi Roy Richardson anamanga pang'onopang'ono kuyambira 1985 mpaka 1990. Sanaphwanye lamulo lililonse, poti lamulolo silinkasiyanitsa fakitale ndi sitolo. Masitolo a ku Merry Hill sankalipira msonkho wa malo, oimika magalimoto sankalipira kalikonse, ndipo malowo ali makilomita ochepa chabe kuchokera pakati pa tauni ya Dudley. Masitolo akuluakulu anayamba kutseka m'tauni n'kusamukira uko, mpaka Marks & Spencer nayenso anachoka mu 1990. Wogulitsa zovala amene ankagwira ntchito m'tauni n'kusamutsidwira ku Merry Hill analowa m'chiwerengero cha ntchito za m'dera lapadera, pomwe malipiro ake ndi omwe aja, bwana wake ndi yemwe uja. Tauni yakale inatsala ndi zitseko zokhoma. Ku Gateshead nakonso kunamera chimsika cha MetroCentre mu 1986 mwa njira yomweyo.

Sitolo siibweretsa ndalama zatsopano m'chigawo. Anthu a ku Dudley sanayambe kugula nsapato zowirikiza chifukwa chakuti Merry Hill yatsegulidwa, anangosintha kogulira. Fakitale yogulitsa katundu kunja kwa chigawo kapena kunja kwa dziko ndi imene imakoka ndalama imene kunalibe. Mfundo imeneyi ndinali nditaiwerengapo m'mabuku, koma pa Dudley m'pamene ndaiona ikuyenda ndi miyendo.

China chimene sindinkachiganizira ndi lendi. Malo a mkati mwa mzere ndi ochepa, ndipo aliyense akudziwa kuti wokhala mmenemo salipira msonkho wa malo. Mwini nyumba nayenso akudziwa. Ndiye amakweza lendi mpaka kufika pamene wochita lendiyo akuona kuti kukhala mkati kukungoposa pang'ono kukhala kunja. Ofufuza angapo anapeza kuti gawo lalikulu la chikhululukiro chija linathera m'matumba a eni malo ndi omanga nyumba, osati a makampani olemba anthu ntchito. Boma linkaganiza kuti likuthandiza mwini fakitale, pomwe ndalamayo inkangodutsa m'manja mwake.

Tsono pali Isle of Dogs, imene aliyense wokonda ndondomekoyi amaitchula. Derali linakhala Enterprise Zone mu Epulo 1982, ndipo lero ndi Canary Wharf, nyumba zitalizitali za mabanki kumene kumagwira ntchito anthu oposa 100,000. Munthu sangaime pamenepo n'kunena kuti palibe chinachitika. Koma ndikaŵerenga mndandanda wa zimene boma linachitapo, kukhululuka misonkho kukuoneka kachinthu kakang'ono. Mu 1981 nduna ya boma Michael Heseltine anakhazikitsa London Docklands Development Corporation, bungwe limene linapatsidwa mphamvu zotenga malo, kuwakonza ndi kupereka zilolezo mosadutsira m'makhonsolo. Boma linamanga njanji ya Docklands Light Railway imene inatsegulidwa mu 1987, linamanga misewu yodula kwambiri, ndipo mu 1999 linafikitsako sitima zapansi za Jubilee Line. Mu 1986 malamulo a msika wa ndalama ku London anasinthidwa, mabanki akunja n'kuyamba kufuna maofesi aakulu amene pakati pa mzinda wakale panalibe. Ndi zonsezo, kampani ya ku Canada ya Olympia & York, imene inamanga nsanja ya One Canada Square mu 1991, inagwa mu 1992, nthawi ya zokopa ija ikungotha kumene, maofesi ambiri ali opanda anthu. Canary Wharf inadzadzuka zokopa zitatha, sitima zitafika.

Nanga analembedwa ndi ndani? Bambo wa zaka 50 amene moyo wake wonse ankatsitsa katundu padoko sanasanduke wogulitsa masheya. Mabanki ambiri anangosamuka kuchokera pakati pa London ndi antchito awo, ndipo antchitowo amabwera m'mawa pa sitima n'kubwerera madzulo. Dera la Tower Hamlets, mmene muli Canary Wharf, kwa zaka zambiri lakhala m'gulu la madera amene ali ndi ana osauka ochuluka kwambiri m'Britain. Malo analemera, koma anthu a pamalopo ndi nkhani ina.

Pa Corby ndi pamene ine ndi mnzanga wa m'kalasi tinasiyana maganizo. Iye akuti ntchito yosamuka si ntchito, basi. Ine ndikuti zimatengera kumene yachokera. Corby, imene nayonso inali ndi Enterprise Zone, inalandira makampani ambiri m'zaka za m'ma 1980, monga RS Components imene inachokera ku London, ndipo pofika kumapeto kwa zakazo ulova unali utatsika kwambiri. Ntchito ikachoka ku London, kumene wochotsedwa angapeze ina mwezi womwewo, n'kupita ku tauni imene munthu mmodzi mwa atatu akungokhala, dziko lapindulapo ndithu, ngakhale chiwerengero cha dziko lonse chisasinthe. Kusamuka kwa ku Dudley n'kumene kuli kutaya ndalama, chifukwa ntchito inachoka kwa osauka n'kupita kwa osauka omwewo, boma n'kulipira mtengo wa ulendowo. Komanso Corby sinadalire zokopa za Howe zokha. Inalandira thandizo lina la boma ndi la ku Ulaya, ili pakati pa England kufupi ndi misewu ikuluikulu, ndipo inali ndi anthu ozolowera ntchito ya m'fakitale.

Kunena chilungamo, kafukufuku wotsiriza wa mu 1995 anatuluka bwinoko. Pa ntchito 126,000 zimene zinali m'madera amene anawafufuza, pafupifupi 58,000 anaziwerenga kuti n'zowonjezera, ndipo iliyonse inadya pafupifupi mapaundi 17,000 a boma. Ngakhale pamenepo, zoposa theka sizinali zatsopano.

Chodabwitsa n'chakuti mu 2011 George Osborne, nduna ya zachuma ya nthawiyo, anaidzutsanso ndondomekoyi. Madera 24 anayamba mu 2012, ndipo boma linati pofika 2015 padzakhala ntchito 54,000. Bungwe lofufuza za mizinda la Centre for Cities litawerenga mu 2019 linapeza pafupifupi 17,500 pa zaka zisanu zoyamba, ndipo gawo limodzi mwa atatu, mwina kuposa, zinali zochokera kwina. Ndikuganiza kuti andale amaikonda njirayi chifukwa imaoneka ndi maso. Pali chikwangwani, pali riboni yodula, pali chiwerengero chotchula. Msonkho wokhululukidwa suonekanso mu bajeti ngati ndalama yotuluka, choncho palibe phungu amene amaimirira kufunsa kuti yapita kuti.

Sindikanatha kuwerenga zonsezi osaganizira kwathu. Malawi anali kale ndi lamulo la Export Processing Zones la 1995, ndipo tsopano pali malo apadera a mafakitale amene akukonzedwa ku Magwero ku Lilongwe, ku Matindi ndi ku Chigumula ku Blantyre, ndi ku Dunduzu ku Mzuzu. Zambia inatsegula dera lotere ku Chambishi mu 2007. Britain ndi Malawi n'zosiyana kutali, ndipo sindikufuna kukokera phunziro la kwina mokakamiza. Kwathu chimene chimaletsa munthu kutsegula fakitale kawirikawiri si msonkho wa malo, koma magetsi ozimazima, ndalama zakunja zosowa, ndi mtengo wonyamulira katundu kuchokera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Dera limene lingapereke magetsi osazima ndi madzi odalirika likhala litachita chinthu chenicheni, chofanana kwambiri ndi njanji ya ku Docklands kusiyana ndi chikhululukiro cha misonkho. Koma funso la Dudley likugwirabe ntchito. Ngati kampani ya ku Kanengo isamukira ku Magwero, kapena ya ku Makata isamukira ku Matindi, ndi antchito omwewo, n'kumagulitsa kwa makasitomala omwewo a m'dziko muno, ndiye kuti MRA yataya msonkho ndipo palibe mwana wa munthu amene wapeza ntchito. Mu lipoti langa ndalemba kuti kampani iliyonse yolowa izilembedwa kumene yachokera ndi anthu amene inali nawo isanalowe, ndipo chikhululukiro chizitsatira anthu owonjezera amene ali pa mndandanda wa malipiro chaka ndi chaka, osati kukula kwa chinyumba.

Aphunzitsi atawerenga anandifunsa kuti ndiwapatse dziko laling'ono limene njirayi inabweretsadi ntchito zochokera kunja. Andiuza kuti ndikawerenge za Mauritius, imene inakhazikitsa lamulo lake mu 1970 n'kukopa eni mafakitale a zovala a ku Hong Kong, amene ankafuna pogulitsira ku Ulaya chifukwa kwawo anawaikira malire a kuchuluka kwa zovala zotumiza. Chimene ndikufuna ndikaone n'chakuti pa zimene zinawakokera kumeneko, msonkho unali pa nambala chani, komanso anatsala angati malirewo atachotsedwa mu 2005.