Thanki yoterera ngati therere

Lachitatu, Mzuzu. Kunacha ndi nkhungu, mvula ikuwaza pang'onopang'ono. Ntchito ya lero inali pa thanki ya pulasitiki ya malita 1,000 panyumba ina ku Chibavi. Madzi ake akununkha, chonsecho sabata yatha eni ake anathiramo klorini wambiri ndithu.

Titakhuthula madzi, chala chinangotsetsereka pakhoma lam'kati. Kuterera kumeneko ndiye biofilm, mudzi wa tizilombo tamitundumitundu tomwe tamatirira pamodzi n'kudzikuta ndi phala la shuga, mapuloteni ndi DNA. Klorini akafika amayamba kulimbana ndi phala la pamwambalo, ndipo mphamvu yake imathera pomwepo asanalowe pansi. Tizilombo ta pansi penipeni, komwe mpweya ndi chakudya n'zochepa, timakhala ngati tagona. Mankhwala satikhudza kwenikweni. Mankhwala akatha timadzuka n'kuyambiranso kuswana.

Choipa kwambiri n'chakuti mitunduyi imabisana. Bakiteriya wotchedwa Pseudomonas amapanga phala lochuluka, ndiye bakiteriya wina wotchedwa E. coli, yemwe payekha m'madzi amafa msanga ndi klorini, amapulumukira momwemo. Tizilombo tina timatulutsa puloteni wotchedwa catalase amene amaswa hydrogen peroxide, mankhwala ena ophera tizilombo, anzawo oyandikana nawo n'kupulumuka ulele.

Nchifukwa chake tinayamba ndi burashi, klorini pambuyo. Tinakwecha khoma ndi pansi ndi burashi ya pulasitiki ndi sopo waufa, n'kutsukuluza katatu. Burashi ya waya ayi, imakanda pulasitiki, ndipo m'mikwingwirima imeneyo ndi momwe phala latsopano limagwira. Mpopi tinaumasula. M'kati mwake munali mwakuda bii, ndipo pamenepa ndi pomwe ambiri amaiwala.

Masana tinasungunula magalamu 80 a HTH, klorini waufa, m'ndowa, tinathira m'thanki itadzaza kotala, kenako tinaidzaza mpaka pakamwa ndi kutsegula mpopi pang'ono kuti mankhwala alowenso m'paipi. Ikhala chotseka maola 24. Madzi amenewo si akumwa, ndipo asatayidwe kudimba kapena kumtsinje.

Mayi wa panyumbapo anafunsa ngati angathiremonso vinega kuti tizilomboto tife msanga. Tinawauza kuti, "Iyayi amayi, musayerekeze, klorini akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wapoizoni."

Mawa tikakhuthula, kutsukuluza ndi kudzazanso, kenako kuyeza. Klorini wotsala m'madzi akumwa akhale pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita.