Kabotolo ka mafuta patebulo langa

Lolemba ndi tsiku langa lopuma, koma akhristu a pampingo pano saliwerengera. Ndisanamwe n'komwe tiyi, mayi wina wa Chigwirizano anali atakhala kale pakhonde, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwamba. Anamasula kansalu, n'kutulutsa kabotolo, n'kukaika patebulo. Mafuta odzozedwa, akuti. Anakagula kutauni kwa mneneri wina atagulitsa nkhuku ziwiri.

"Abusa, andiuza kuti pali chotchinga. Akuti madalitso anga anamangidwa kumtundu kwathu. Ndadzola sabata zitatu koma palibe chasintha."

Mavuto awo sanali ongopeka. Mwana wawo wamkazi wabwerako ku ukwati ndi ana awiri, mbuzi zitatu zinafa mwezi umodzi, geni ya tomato nayo yalowa pansi. Munthu zikamuchitikira motsatizana chonchi amafuna dzina la chimene chikumusautsa, ndipo aneneri a masiku ano dzinalo amakhala nalo kale m'thumba. Amatsegula Eksodo 20:5, pamene pakunena za kulanga ana chifukwa cha atate awo, n'kutseka Baibulo msanga. Ife tinatsegula Buku Lopatulika la mayiwo, lomwe lija agogo athu akhala akuwerenga chiyambire 1922, lachikuto chomata ndi selotepi. Tinawerenga Ezekieli 18:20, kuti mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake, kenako Agalatiya 3:13, kuti temberero analisenza Khristu pamtengo. Anangogwedeza mutu. Ndinaona kuti mawuwo akuwadziwa, koma sakufika pamene pakuwawa.

Ndiye ndinafunsa funso limene ndinaphunzira kwa mkulu wa mpingo wina wokalamba, osati kusukulu ya ubusa: "Mayi, alipo amene simulankhulana naye?"

Kunali zii. Kenako anati, "Achimwene anga."

Nkhani yake ndi ya dimba limene mayi awo anasiya. Kwathu kuno munda umayenda kuchikazi, koma achimwenewo akuti ndiwo anakumba chitsime ndi kubzala nzimbe, ndiye sangachokemo. Zaka zitatu osapatsana moni, chonsecho onse awiri amadya Mgonero tchalitchi chimodzi. Sindinawalonjeze mayiwo kuti akayanjana tomato ayamba kuyenda malonda. Zimenezo n'kukhala ngati ndikugulitsa kabotolo kanga. Ndinangowauza kuti za kumtundu sindikuziona, koma ichi ndikuchiona, ndipo Yesu anachitchula pa Marko 11:25, kuti popemphera tizikhululukira amene tili naye chifukwa.

Lachiwiri kunali msonkhano wa akulu a mpingo, nkhani ya malata a nyumba yopemphereramo mpaka dzuwa kupendeka. Lachitatu maliro.

Lachinayi ndinakwera njinga yamoto kupita kwa achimwene aja. Ndinawapeza kudimba komweko, atapinda buluku mpaka m'mawondo, akuthirira mpiru ndi khenu. Sanaike khenuyo pansi.

"Abusa, za munda ndi za amfumu, si za tchalitchi."

"Zoona, bambo. Malire sindidula ine. Ndabwera za moni."

Anaseka pang'ono, kenako anayamba kulankhula, ndipo analankhula nthawi yaitali. Dimba linali pamwamba chabe. Chimene chinawabaya n'chakuti pamaliro a mayi awo mlongo wawoyo ananena pagulu kuti iwo ndiwo anadya mayiwo kuti akhwimire geni. Mawu amenewo kumudzi sachoka ndi sopo. Ana awo mpaka lero amalozedwa chala kumjigo. Mayi aja Lolemba sananditchulire zimenezi, ndipo ndikukhulupirira kuti m'mutu mwawo olakwiridwa anali iwo okha. Ndinabwerera madzulo, fumbi lili m'mano, ndikudziwa kuti ndiyenera kukawauza mayiwo mawu amene sadzawakonda. Ndinawauzadi m'mawa mwake. Analira, anakana, kenako anati, "Ndinanena ndili ndi chisoni." Ndinati chisoni chinatha, mawu aja akadali m'mudzi.

Lachisanu usiku ndinakhala pansi kukonza ulaliki wa pa Mateyu 5:23-24, kusiya mtulo paguwa n'kuyamba wakayanjana ndi mbale wako. Ndinalemba mizere itatu, ndinafufuta iwiri. Pemphero nalo limangobwerera padenga. Chifukwa ndimachidziwa. Lachiwiri lija, pobwera kumsonkhano ndi akulu awiri, ndinapeza nsima isanapse, ndipo ndinawakalipira amayi akunyumba alendo akumva. Chiyambire tsiku limenelo timalankhulana za mchere ndi makala basi. Petro, pa kalata yake yoyamba 3:7, amachenjeza amuna kuti kusalemekeza akazi awo kumatsekereza mapemphero. Vesi limeneli ndalilalikira pa maukwati osawerengeka.

Ndinawapeza kukhitchini akutsuka mapoto. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Ulaliki wakukanikani eti?"

Ndinapepesa. Anandipatsa mbale kuti ndizipukuta.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza chifukwa kunali Mgonero. Mayi aja anabwera, koma mkate utafika pamzere wawo anaupatsira kwa wina osatengako. Palibe anawaletsa. Achimwene awo anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Titatuluka, ndili mkati mopatsana moni ndi anthu, ndinawaona mayiwo atagwada pansi pa mtengo wa mango, achimwenewo ataimirira, chipewa chili m'manja, akuyang'ana kumbali. Zimene anakambirana sindinamve. Mkulu wa mpingo wa dera lawo anandiuza madzulo kuti mayiwo avomera kukabweza mawu aja pamaso pa amfumu, ndipo za dimba zikakambidwa komweko Loweruka, amalume awo alipo. Andipempha ndikakhalepo, ngakhale bamboyo wanenetsa kuti ndikangokhala chete.

Kabotolo kaja anakaiwala patebulo. Amayi akunyumba anakatsegula, n'kununkhiza, akuti ndi mafuta ophikira.