Mfuti ya agogo: zidindo zawoneka, kuwomba kudikire kaye

Dzimbiri la kunsi kwa mipope latha tsopano, ndipo zidindo zikuwerengeka. Sandipepa ndinamukana chifukwa amadya chitsulo n'kufufuta zilembo. Ndangogwiritsa ntchito mafuta opepuka ndi steel wool wosalala kwambiri, pang'onopang'ono ndikaweruka.

Chatuluka ndi chisoti chachifumu pamwamba pa zilembo BP. Mawu akuti NITRO PROOF, osonyeza kuti mfuti anaiyesa ndi onga wamakono, palibe. Ku Birmingham, ku England, kuli nyumba yoyesera mfuti imene inakhazikitsidwa mu 1813, kumene amawomba mpope ndi onga wopitirira muyezo asanaudinde. Chidindo cha BP chikutanthauza kuti yathuyi anaiyesa ndi onga wakuda, wautsi uja, osati onga wamakono wa m'zipolopolo za m'sitolo. Mipope yakenso ndi ya Damascus: timizere ta chitsulo anatipota mozungulira ndodo n'kutisula pamoto mpaka kugwirana. Mukaiyang'ana padzuwa mumaona timafunde tokongola zedi, komatu dzimbiri limatha kulowerera m'molumikizamo osaonekera kunja. Ndi nkhungu ya kuno ku Bembeke, mfuti yokhala zaka zambiri kuseri kwa kabati siyoikhulupirira ndi maso okha.

Bambo ena amene ankakonza mfuti ali kuusilikali anandithandiza kuyeza malo olowa chipolopolo. Ndi mamilimita 65. Zipolopolo za saizi 12, saizi ya mfutiyi, zofala masiku ano ndi za mamilimita 70, ndipo zimalowa bwinobwino, mfuti n'kutsekeka. Pamenepo ndi pamene anthu amapusira. Utali wolembedwa pabokosi ndi wa khoko la chipolopolo likatseguka powomba. Lisanawombedwe limakhala lalifupi. Likatsegukira pamalo opanikizika, mphamvu imakwera mumpope wokalamba kale, cha pafupi ndi dzanja lamanzere. Bambowa anapachikanso mipope pachingwe n'kuigogoda ndi chala: inalira ngati belu, kusonyeza kuti zitsulo zolumikiza mipope iwiriyi sizinamasuke. Koma titachotsa mtengo wakutsogolo n'kugwedeza mfuti, pachiuno, pamene mipope imalumikizana ndi thunthu la mfuti, pakusewera pang'ono. Apo pafunika mmisiri weniweni.

Anzanga ena akuti ndingodzaza zipolopolo ndekha. Ndawerenga ndithu za ntchitoyi. Onga wakuda umadya malo ambiri m'khoko, umafuna zotsekera onga m'khokomo za fiber osati za pulasitiki, ndipo timipira ta mtovu ndito toyenera kudzazamo, tachitsulo ayi. Chimene ndikufuna aliyense amve ndi ichi: akale ankayeza onga wakuda ndi kachikho, koma kachikho komweko mukakadzaza onga wamakono, mfuti imaphulikira m'manja. Za onga wodzipangira, monga amachitira ena ndi gogodela, sindifuna n'komwe kuzimva. Mwaye wa onga wakuda wotsala mumpope umakokanso chinyezi, choncho mpope umatsukidwa ndi madzi otentha tsiku lomwelo, kuumitsa, kenako kudzoza mafuta.

Za malamulo sindizembera. Laisensi ya mfutiyi ili m'dzina langa, koma yokhala ndi mfuti ndi nkhani ina, yopanga zipolopolo ndi inanso. Ndikapita ku boma kukakonzetsanso mapepala ndikafunsa apolisi maso ndi maso, ndipo akakana, nkhani yodzazayo ithera pomwepo.

Pakadali pano ndili pamtengo wa paphewa. Mng'alu waung'ono wa pakhosi ndaumata, ndaumanga ndi mphira, ndipo ukauma ndiyamba kupaka mafuta a linseed ndi chikhatho, kadontho kamodzi nthawi imodzi.