Pansi pa mtengo wa malalanje ku Neve Tzedek

Tsiku lomaliza la ulendo wathu wa mpingo ku Israel, anzanga anatsalira ku Jaffa kugula mphatso. Ine ndinawatsanzika, ndikuyenda wapansi m'mbali mwa nyanja mpaka ndinakhotera ku Neve Tzedek, dera lakale la Tel Aviv la timisewu topanikiza. Ndinkafuna Suzanne Dellal Centre, nyumba ya magule yomwe inatsegulidwa mu 1989, kwawo kwa magulu a Batsheva ndi Inbal.

Ndinafika thukuta lili kamukamu, ndikukhala pabwalo lamiyala, pamthunzi wa mtengo wa malalanje. Pawindo lina pankamveka mapazi akugunda pansi, wina akuwerengera ovina m'Chiheberi.

Chomwe chinandikokera kumeneko ndi mbiri ya Barak Marshall, katswiri wopeka magule. Anabadwira ku Los Angeles mu 1968, nakaphunzira filosofi ku Harvard. Zovina sizinali m'mutu mwake, ngakhale mayi ake, a Margalit Oved, obadwira ku Aden, anali katswiri wa Inbal, gulu lomwe Sara Levi-Tanai anayambitsa mu 1949 potengera nyimbo ndi magule a Ayuda a ku Yemen. Mu 1994 anawaperekeza mayi akewo ku Israel. Pasanapite nthawi anti ake, a Leah, anamwalira, ndipo chisoni chimenecho ndi chomwe chinabala gule wake woyamba, Aunt Leah. Apa ndi pomwe nkhaniyi imandigwira mtima kwambiri: munthu wamabuku, mawu kumuthera, thupi n'kumulirira.

Ohad Naharin, mtsogoleri wa Batsheva panthawiyo, anamutenga Barak kuti azipeka magule m'gululo. Kenako Barak anathyoka mwendo koopsa, n'kukhala zaka pafupifupi 8 osapeka gule. Sanakhale chete ayi, ankaimba, mpaka anaimbapo ndi Yo-Yo Ma, katswiri wotchuka wa chida choimbira cha cello. Mu 2008 anabwerera ndi Monger, gule wa antchito 10 otumikira dona wankhanza.

Tikiti ndinalibe, nthawi inalinso itanditaya. Ndinangotulutsa foni ndikuonera kachidutswa ka Monger pomwepo. Manja a ovinawo amathamanga ngati akukangana, akuloza, akupempha, onse pamodzi osaphonyana ngakhale pang'ono. Ndinakabwereza katatu.

Azakhali anga amene anandilera tinawaika chaka chatha ku Ntcheu. Usiku wa maliro amayi a mvano anaimba mpaka mbandakucha, ine pakhosi patauma, osatulutsa ndi liwu limodzi lomwe. Pabwalo lija, mapazi aja akugundabe, ndinangozindikira kuti ndayamba kung'ung'udza nyimbo yomwe azakhaliwo ankakonda akamapeta chimanga. Ndinaimaliza yonse, ndiyeno ndinanyamuka kukakwera basi.