Chambo chomwe amayi sanadye ku Cape Maclear

Ena ochokera ku Lilongwe akamapita ku Cape Maclear amadzera ku Salima, koma ife tinadzera ku Dedza chifukwa tinkakatenga amayi kumudzi, kufupi ndi Linthipe. Amayi anabadwira ku Dedza, akalambira ku Dedza komweko, ndipo nyanja ankangoimva kwa anthu. Nsomba yomwe ankaidziwa ndi usipa wouma ndi utaka wa pa msika. Chambo chachiwisi, chongochoka kumene m'madzi, anali asanachilawepo. Ine ndi bambo a kunyumba tinasunga kandalama pang'onopang'ono kuti tikawaonetse nyanja maso awo akadaona bwino.

Mukadutsa pa boma la Dedza mumakhota pa Masasa n'kuyamba kutsetsereka msewu wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti. Msewuwu ndi wokhotakhota kwambiri, ndipo amene sanauzolowere amagwira mpando. M'mbali mwake anyamata amagulitsa tigalimoto ndi tinjinga tosema ndi mtengo, topangidwa mwaluso ndithu. Mukamatsika, kuzizira kwa ku Dedza kumatsalira kumtunda, milambe imayamba kuoneka, ndipo pofika pa Golomoti amayi anali atavula juzi. Kuchoka apo ndi msewu wa ku Monkey Bay, ndipo musanalowe m'tauniyo mumakhotera kumanzere, makilomita pafupifupi 18 kudutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha timbuna, tinsomba tamitundumitundu topezeka m'miyala ya m'nyanjamo. Anyani amakhala m'mbali mwa msewu ngati eni malo, sathawa galimoto.

Titatulukira m'mudzi wa Chembe, nyanja inaonekera yonse nthawi imodzi, zilumba za Thumbi ndi Domwe zili patsogolo. Amayi anatsika, anayenda mpaka pamadzi, anaviika dzanja n'kunena kuti, "Mulungu ndi wamkulu, ana inu." Popeza ndi mayi wa Chigwirizano, anafuna kuti tiyambe taona manda a amishoni. Apa ndi pomwe mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875, Robert Laws ali m'gululo, isanasamukire ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo. Anaima pamandapo kwa kanthawi, anapemphera, kenako tinabwerera kumudzi njala itayamba kuluma.

Malo ogona tinapeza otsika mtengo m'kati mwa mudzi, koma chakudya cha masana tinagwirizana kuti tikadye pa loji ina ya m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, yokhala ndi matebulo pamchenga. Tinkadziwa kuti mtengo ukhala wokwera, ndipo tinakonzeka. Tinkafuna kuti amayi akhale pampando wabwino, ayang'ane nyanja, wina awabweretsere chambo.

Zinayambira pa geti. Mlonda anatiimitsa n'kufunsa kuti, "Mukufuna ndani?" Tinamuuza kuti tabwera kudzadya. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, makamaka amayi ndi chitenje chawo ndi duku, asanatsegule. Tili pomwepo, alendo awiri achizungu analowa opanda nsapato, mchenga uli mbuu m'miyendo, ndipo palibe anawafunsa kanthu. Bambo a kunyumba anandigwira pamkono kuti ndisayankhule.

Tinakhala pa tebulo, ndipo panapita nthawi yaitali popanda wotiyandikira. Ogwira ntchito ankatidutsa uku ndi uku, maso ali kwina. Bambo a kunyumba ananyamuka kukatenga okha menyu pa kauntala. Inali ya m'Chingerezi yokhayokha, ndiye ndinkawawerengera amayi. Mnyamata wina atabwera, tinaitanitsa chambo chokazinga ndi nsima, mbale zitatu. Iye anati, "Nsima ichedwa, madamu, bwanji mungotenga chipisi?" Ndinamuuza kuti mayi wachikulire ngati awa sangabwere mpaka kunyanja kudzadya chambo ndi chipisi. Ndinamuuzanso kuti ali ndi matenda a shuga, sayenera kukhalitsa ndi njala. Anagwedeza mutu n'kupita.

Alendo aja amene analowa pambuyo pathu analandira chakudya chawo, anadya, anamaliza, anapita kukasambira. Gulu lina linafika, nalo linadya. Ife pa tebulo panali mabotolo a zakumwa okha, zomwe zinabwera zofunda chifukwa, akuti, magetsi anathima m'mawa. Za magetsizo sindikuwadzudzula, tonse tikudziwa mmene zilili m'dziko muno. Koma nsima sidikira magetsi. Mayi aliyense wa m'mudzi wa Chembe akhoza kusonkha moto, kuphika nsima ya anthu atatu n'kupakula munthu asanamalize kumwa botolo limodzi. Nditaona kuti manja a amayi ayamba kunjenjemera, ndinathamangira kunja kwa geti kukagula nthochi ndi zitumbuwa kwa mtsikana wina. Anadya zimenezo atakhala pa tebulo la lesitilanti yodula, mobisa, ngati akuchita cholakwa. Chimenechi ndicho chinandipweteka kuposa zonse.

Chakudya chinafika dzuwa litapendeka. Madzi osamba m'manja sanabwere. Anatiikira mafoloko ndi mipeni yokulunga m'kapepala, ndipo titapempha madzi anatilozera mpopi womwe unali kuseri, pafupi ndi zimbudzi. Kulikonse m'Malawi muno, ngakhale pa kanyumba ka udzu pa siteji ya basi, wobweretsa nsima amayamba wabweretsa beseni ndi jagi, ndipo amayambira wamkulu. Bambo a kunyumba anakatunga okha madzi m'kapu n'kuwathirira apongozi awo.

Nsimayo inali yosapsa, yomata m'manja, fungo la ufa likumveka. Masamba anali kabichi wofota wothira mafuta ambiri. Nsomba ndiyo inatimaliza. Zinali tinsomba tating'ono tosakwana ndi chikhatho, kunja topserera, pafupi ndi minga tozizira, ndipo nyama yake inkanyenyeka yokha ukangoikhudza. Bambo a kunyumba anakulira ku Malindi, mbali ina ya nyanja yomweyi, ndipo nsomba amaidziwa kuyambira ali mwana. Anaitembenuza, anainunkhiza, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ichi si chambo chomwe talipira. Ngati si makumba a m'damu ndiye ndi kasawala, ndipo yagona masiku." Nsomba yomwe yasungunuka n'kuumitsidwanso m'firiji kangapo imadziwika, imataya kukoma konse ndipo imakhala ndi kafungo komwe mandimu sangabise. Anawauza amayi kuti asapitirize.

Zoti chambo chikusowa n'zoona, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Asodzi a ku Mangochi akhala akunena kwa zaka zambiri kuti chambo chachikulu cha kale sichikupezekanso monga kale, makamaka ku nyanja ya Malombe ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi. Maukonde a timaso ting'onoting'ono, ngakhalenso masikito oteteza udzudzu, akhala akukokolola ndi ana omwe. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe pa dziko lonse la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zili pa chiopsezo chachikulu chotheratu. Pofuna kuteteza nsomba, boma limatseka nyanja kwa makoka kuyambira mu Novembala, kuti nsomba ziswane. Ndiye loji ikapanda kupeza chambo chabwino, palibe chodabwitsa. Chofunika n'kungomuuza mlendo kuti, "Pepani, lero chambo palibe, koma tili ndi kampango, tili ndi mcheni, tili ndi usipa wa lero." Tikanavomera ndi manja awiri. Kuchokera pa tebulo lathulo tinkaona matandala odzaza ndi usipa wa m'mawa womwewo, ndi mabwato akukocheza. Nsomba yabwino inali pamaso pathu, koma m'mbale anatiikira yogona n'kuitcha chambo, pa mtengo wa chambo.

Nditamuitana mnyamata uja, amayi anandiletsa. "Usamuvutitse mwana wa eni, zachitika basi." Kenako anamuyang'ana n'kumuuza kuti, "Zikomo mwanangu, takhuta," chonsecho anali atangotsina nsima kawiri. Umu ndi mmene tinaleredwera, kuti mlendo sadandaula chakudya. Kumudzi mwambowu ndi wabwino, chifukwa wokupatsayo wakupatsa zomwe ali nazo. Koma pamalo pomwe munthu walipira ndalama yomwe waivutikira miyezi, kukhala chete kwathuku ndiko kukuchititsa kuti ena azitiona ngati makasitomala osafunika kuwasamala. Amadziwa kuti mzungu akakhumudwa akalemba pa intaneti dziko lonse liwerenga, pamene Mmalawi angonena kuti zikomo n'kunyamuka.

Ndinapempha kuonana ndi manijala. Anandiuza kuti abwana atuluka. Bilu itabwera inali ndi mbale zitatu za chambo pa mtengo wathunthu, kuphatikizapo zakumwa ziwiri zomwe sitinaitanitse. Zakumwazo anachotsa titawaonetsa, koma za nsomba anati iwo alibe mphamvu. Tinalipira.

Potuluka, mnyamata uja anatitsatira mpaka pafupi ndi geti. Anati, "Pepani amayi, pepani bambo. Kukhitchini kuli munthu mmodzi yekha, ndipo tinauzidwa kuti tiziyamba ndi alendo ogona pano. Nsomba ija ndinawauza kuti siili bwino." Ankayankhula akuyang'ana m'mbuyo, kuopa kumumva. Ndinamukhulupirira, ndipo mkwiyo wanga sunali pa iye. Achinyamata ambiri ogwira ntchito m'malo ngati amenewa amalandira kandalama kochepa, saphunzitsidwa ntchitoyo, ndipo amayang'ana kumene kungachokere tipu chifukwa kunyumba akudikira. Mlandu uli ndi eni malo, amene amasankha kulemba wophika mmodzi, kusunga nsomba yoti itayidwe, ndi kuuza mlonda mtundu wa anthu oti aziwafunsa mafunso pa geti.

Tisaiwale kuti mu 2020, Covid-19 itatseka ndege, ndi Amalawi amene anasunga malo ambiri a m'mbali mwa nyanja kuti asatsekedwe. Mitengo inatsitsidwa, tinaitanidwa pa wailesi ndi pa Facebook, ndipo tinapita ndi mabanja athu. Lero kwacha inagwa, makamaka kuchokera pomwe inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye banja lochokera ku Dedza kapena ku Ntcheu kuti lifike ku Cape Maclear limakhala litadzimana zambiri. Banja lotero silikupempha zapadera. Likufuna moni pa geti, madzi osamba m'manja, ndi kuuzidwa zoona za nsomba yomwe ili m'mbale.

M'mawa mwake mwini nyumba yomwe tinagona anatilozera kwa mayi wina amene amaphikira asodzi ndi oyendetsa maboti, m'kati mwa mudzi, kuseri kwa matandala. Panali mabenchi awiri ndi tebulo lokutidwa ndi pulasitiki. Mayiyo anawagwadira amayi popereka moni, anawathirira madzi, ndipo asanaphike anatibweretsera nsomba m'beseni kuti tione tokha. Anati chambo sanachipeze tsiku limenelo, koma kampango alipo wa usiku womwewo. Maso a nsombayo anali owala, thupi lolimba. Anaiphika ndi tomato ndi anyezi basi, nsima yotentha, nkhwani wotendera, ndi tsabola wa kambuzi pambali. Amayi anadya mpaka kupempha mtanda wina, ndipo ndalama yomwe tinalipira anthu atatu sinafike pa mtengo wa mbale imodzi ya dzulo lake.

Titadya tinakwera boti kupita ku Thumbi. Woyendetsa anaimba likhweru, anaponya kansomba m'madzi, nkhwazi inatsika kuchokera mumtengo n'kukawakha, ndipo amayi anakuwa ngati kamtsikana. Pafupi ndi miyala timbuna tabuluu ndi tachikasu tinabwera kudzadya nyenyeswa za buledi m'manja mwawo. Pobwerera tinaima ku Monkey Bay kufunafuna chambo choti akaphike okha kunyumba, koma chomwe tinapeza pa msika chinali chaching'ono ndipo mtengo wake sitikanaukwanitsa. Tinagula usipa wofutsa ndi mcheni wowamba. Titafika ku Lilongwe ndinalembera eni loji ija uthenga wofotokoza zonse, kuyambira pa geti mpaka pa bilu, ndipo ndinawapempha kuti asamudzudzule mnyamata uja. Uthengawo anauwerenga, koma mpaka lero sanayankhe.