Timapepala sitikumbuka kanthu

Maerewa ndinayambitsa ndine. Tinkakhala anyamata asanu m'nyumba ya lendi, ndipo ikafika nkhani yotsuka chimbudzi aliyense ankadwala msana. Ndiye ndinalemba mayina athu pa timapepala tofanana, n'kupinda bwinobwino, n'kuponya m'chipewa. Loweruka lililonse mmodzi azitola kapepala kamodzi atatsinzina, tikawerenga dzinalo kazibwerera momwemo.

"Masamu sakondera," ndinawalalikira. "Aliyense ali ndi mwayi umodzi pa isanu, 20 peresenti basi."

Loweruka loyamba linatuluka dzina langa. Ndinatsuka ndikuimba mluzu. Lachiwiri, langanso. Mluzu unachepa. Lachitatu mnzanga anangotambasula kapepala n'kuyamba kuseka asanawerenge n'komwe.

Ndili chogwada ndi burashi m'manja ndinachulukitsa: 5 kuchulukitsa ndi 5, kuchulukitsanso ndi 5. Zoti munthu yemweyo, ineyo, ndigwidwe katatu kondondozana zimayenera kuchitika kamodzi pa maulendo 125. Ndinayamba kuwayang'ana ndi diso lofiira anzangawo.

Poti ndine mwini maere, ndinadzitonthoza mokweza. Ndinawafotokozera za John Kerrich, katswiri wa masamu amene anatsekeredwa ku Denmark pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Posowa chochita anaponya ndalama yachitsulo ka 10,000, ndipo mbali ya mutu inatuluka ka 5,067, pafupifupi theka. Ukayesa kochepa zotsatira zimalumphalumpha, ukayesa kambirimbiri zimayandikira zimene masamu amanena. Katswiri wina wa masamu, Jacob Bernoulli, anatsimikizira zimenezi, buku lake linatuluka mu 1713.

"Ndiye pitirizani kutsuka, amwene," anatero wina. "Pofika ka 10,000 zikhala zitafanana."

Zinandipweteka. Ndinalamula kuti usiku womwewo tiyese chipewacho ka 100, kopanda chilango, tione ngati mulibe chinyengo. Tinatola, kubwezera, kukhutchumula, kutolanso, mmodzi akulemba timizere kuseri kwa kalendala. Pomaliza dzina langa linali litatuluka ka 19. Enawo analinso chapomwepo, wina kupitirira pang'ono 20, wina kuperewera. Chipewa chinalibe mlandu.

Chodabwitsa n'chakuti ndinasangalala. Ndinavina ndithu, poti masamu anga apambana, osaganiza kuti ndataya kumene chifukwa chokhacho chimene ndikanakanira ntchito.

Loweruka lotsatira ndinapita pachipewa mtima uli m'malo. Katatu konse ndagwidwa kale, ndinkatero, tsopano ndi nthawi ya ena. Koma timapepala sitikumbuka za sabata yatha. Chipewa chikakhutchumulidwa mwayi umabwerera pomwe paja, umodzi pa isanu, kaya unatsuka dzulo kaya sunagwirepo burashi chibadwire.

Mnzanga anatola, anatambasula pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana mwaulemu kwambiri.

"Aphunzitsi, tiuzeni. Kanayi kondondozana ndi kamodzi pa maulendo angati?"

"625," ndinayankha, ndikupinda miyendo ya buluku.